Milungu Yomanga Katundu: Mmene Mabanja a Kum'mawa Anasamukira ku Kafue

Mukafunsa anthu khumi pa msika wa Shimabala kuti kwao n'kuti, ocepa cabe ndiwo adzakuuzani kuti ndi pompano. Ena adzachula Petauke, ena Katete, Chadiza kapena Lundazi, ena Monze kapena Kasama. Eni nthaka a cigawo cino ndi Asoli, Agoba a kwa Chiawa ndi Atonga a tsidya la mtsinje, koma cilankhulo cimene timagulira tomato ndi kukwerera minibasi ndi Cinyanja. Cinyanjaco cinabwera ndi mabanja, ndipo banja lililonse linayamba lakhala milungu ingapo pakhomo lakale, katundu ali m'matumba, mitima ili pawiri.

Mabuku a mbiri amakonda kuwerenga anthu atafika kale: anchito angati m'fakitale, nyumba zingati m'komboni. Ife tiyang'ane m'mbuyo pang'ono, pa milungu ija ya pakati pa kalata ya nchito ndi tsiku lokwera basi. M'milungu imeneyo ndi mmene ankagamula za munda, za ana, za ukwati, ngakhale za kumene munthu adzaikidwa akadzamwalira.

Mwamuna yekha, citupa m'thumba

Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa atsamunda, kusamuka kwa banja lonse kunali kosowa. Kuciyambi kwa caka ca 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo ndi kulanda ng'ombe zikwizikwi. Pasanapite zaka zambiri kunabwera msonkho wa nyumba, masheleni atatu pacaka, wolipira ndi ndalama osati ndi cimanga. Kampani ya North Charterland inatenga nthaka yaikulu ya cigawoco, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu anapanikizidwa m'malo ocepa amene boma linawasiyira. Ndalama ya msonkho inali kutali: ku mafamu ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, kumene makolo athu ankati ku Walale, ndipo pambuyo pake ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, ndi ku migodi ya kopa.

Kukonzekera kwa masiku amenewo kunali kwa munthu mmodzi wopita ndi wina wotsala. Mwamuna ankafolera nyumba, kumanga nkhokwe yatsopano ndi kuswa mphanje kuti mkazi asadzavutike mvula ikagwa. Mkazi ankasinja unga wa paulendo ndi kukazinga nshawa. Amuna ankanyamuka m'magulu, wapansi, kudzera ku Feira kapena ku Tete, ulendo wa milungu. Ena ankabwera patapita zaka ziwiri ndi bulangete, nsalu ndi njinga. Ena sanabwerenso, ndipo amenewo ndiwo machona.

Lamulo nalonso silinali kufuna banja m'tauni. Boma linkaona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira nchito: ayende ndi citupa, agone m'nyumba ya abwana, nchito ikatha nyumba yathanso. Mafumu anapatsidwa mphamvu yoletsa akazi kupita ku tauni opanda kalata ya ukwati, ndipo malole ankaimitsidwa panjira kuti akazi aonetse kalatayo. Mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932, likulu linacoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, ndipo mamotoka a kampani ya Thatcher and Hobson anayamba kunyamula anthu; n'cifukwa cake okalamba ena mpaka lero basi amaichula kuti saca. Pofika m'ma 1950 akazi ambiri anali atalowa m'makomboni a ku migodi, koma ku midzi ya Kum'mawa nyumba yopanda mwamuna inali idakali cinthu ca masiku onse.

Kafue iitana mabanja

Kafue ya nthawi imeneyo inali kamalo kakang'ono: siteshoni ya sitima, mlatho wa njanji wa mu 1906, asodzi m'mbali mwa mtsinje, ndi sukulu ya amishoni a Methodist imene inatsegulidwa mu 1918, imene lero timati Kafue Boys. Kuno ku Shimabala kunali mafamu ndi miyala ya laimu yopita ku fakitale ya ku Chilanga, imene inayamba kupanga simenti mu 1951.

Zinthu zinasintha msanga pambuyo pa 24 Okutobala 1964. Citupa, cimene ambiri anali ataocha kale pa Cha Cha Cha mu 1961, cinatha mphamvu, ndipo munthu anamasuka kupita kulikonse ndi mkazi ndi ana. Mu Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, ndipo Zambia inaona kuti siingapitirize kudalira katundu wocokera kum'mwera. Boma, kudzera mu INDECO, linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale cifukwa inali ndi madzi, njanji, mseu waukulu ndi magetsi amene anali kukonzedwa ku Kafue Gorge. Pofika 1970 Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles zinali zitayamba nchito, ndipo nyumba za Kafue Estates zinali kuima mizeremizere. Lusaka, imene inali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963, inafika pa 262,000 mu 1969.

Panalinso gulu lina la osamuka: anchito a boma. Boma la Kenneth Kaunda linkatumiza dala aphunzitsi, anesi, apolisi ndi makalaliki kutali ndi kwao kuti mitundu isakanizike. Mnsenga ku Mongu, Mlozi ku Lundazi, Mtonga ku Mansa. Kalata ya transifa inakhala mlendo wodziwika m'nyumba zambiri.

Pakati pa kalata ndi basi

Akuluakulu amene timaceza nao pa wailesi akamakumbukira zaka zimenezi, sayamba ndi fakitale. Amayamba ndi apongozi.

Kwa Acewa ndi Ansenga, mwamuna ankakhala cikamwini kumudzi kwa mkazi. Ana anali a mbumba ya mkaziyo, ndipo woyang'anira mbumba anali mlongo wake kapena atsibweni ake. Kutenga mkazi kupita naye kwina, citengwa, kunafuna kupempha kudzera mwa ankhoswe. Tsono kupempha mkazi kuti mukakhale mudzi wa tsidya la dambo ndi nkhani ina; kumupempha kuti mupite naye makilomita 600, kuoloka Luangwa, ndi nkhani inanso. Atsibweni ankafunsa mafunso amene kalata ya nchito sinayankhe. Nyumba ilipo kumeneko, kapena mwana wathu akagona m'khichini mwa eni ake? Akadwala tidzamva bwanji? Adzukuluwa adzadziwa mudzi wao? Nthawi zina ankalola koma ndi pangano lakuti mwana woyamba atsale ndi ambuya ake. Mwanayo anali thandizo la nkhalamba, komanso anali cingwe cokokera makolo ake kuti azibwera. Kwa Angoni, kumene malowolo anali ataperekedwa, mkazi ankatsata mwamuna popanda mlandu wotere, koma kumeneko atate a mwamuna anali ndi funso lao: ng'ombezi adzaweta ndani?

Ikatha ya apongozi, inkabwera ya munda. Kalata ya nchito siyang'ana mitambo. Ikafika mu Disembala, cimanga cili m'mawondo, banja silikanatha kucoka lonse. Mwamuna ankatsogola ndi sutukesi imodzi, mkazi n'kutsala kupalira, kukolola mu Meyi kapena Juni, kutonola ndi kuthira m'matumba. Motero kusamuka kumene pa pepala kunali kwa tsiku limodzi kunkatenga miyezi isanu ndi umodzi. Mundawo unafunanso woulonda. Nthaka ya mafumu ilibe mapepala, imadziwa khasu. Munda ukagonera zaka zambiri, amfumu angaupereke kwa wina wosowa polima. Conco banja lanzeru linkapita kwa amfumu kukatsazika, nkhuku ili m'manja, ndi kuchula pamaso pa mboni m'bale amene adzalima mundawo, kuti zidziwike kuti wabwereka, sanapatsidwe. Amene anathamangira basi osacita zimenezi anadzaziona patapita zaka makumi awiri.

Kenako mapepala. Kalata ya kusukulu yosamutsira mwana inali yofunika kuposa nsapato zake, cifukwa malo a Giredi 1 m'matauni anali osowa. Apa lamulo la maphunziro la mu 1966 linathandiza mabanja osamuka m'njira imene sitiikumbukira kawirikawiri: linaika Cingerezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti aphunzitsi ndi ana ankasamutsidwa kucoka cigawo cina kupita cina. Mwana wocokera ku Chadiza akanatha kulowa kalasi ku Kafue kapena ku Choma n'kupeza buku lomwelo. Mtengo wake unali wakuti anthu ambiri a mbadwo umenewo anakula osazolowera kulemba cilankhulo ca kwao. Panalinso kalata ya mpingo. Mkhristu wa Reformed kapena wa Katolika ankapita kwa abusa kapena kwa abambo kukatenga umboni wa ubatizo ndi wa ukwati, cifukwa kumene akupita, mpingo ndiwo udzakhala abale ake pa matenda ndi pa maliro.

Nkhondo yeniyeni ya m'nyumba inali pa katundu. Basi ili ndi denga limodzi, ndipo cinthu ciliconse cokwera pamwamba cinali ndi mtengo wake. Mwamuna ankafuna njinga, wailesi ndi bedi. Mkazi ankafuna mtondo ndi munsi, miphika, lichero, mphasa ndi makina osokera ngati analipo. Mwamuna ankati ku tauni unga ndi wogula. Mkazi ankayankha kuti nshawa zothira ku ndiwo sizisinjika ndi ndalama. Kawirikawiri mtondo unkapambana, ndipo mitondo ina ya ku Petauke ikali kugwira nchito m'makhichini a ku Estates mpaka lero. Mbuzi zinkagulitsidwa kapena kusungitsidwa kwa m'bale. Citseko ndi mafelemu a mawindo, ngati anali ogula, ankazulidwa. Zovala zabwino ndi mapepala zinkalowa m'bokosi la citsulo lokhala ndi loko, dzina la mwini litalembedwa ndi penti pamwamba. Thumba la cimanga, la nshawa, la nyemba ndi cikwatu ca mfutso zinali cakudya ca mwezi woyamba, malipiro asanatuluke.

Mlungu wotsiriza unali wa moyo wacilendo. Banja linkadyera mbale imodzi ndi kuphikira mphika umodzi cifukwa zina zonse zinali zomangidwa. Ana ankagona pa matumba. Mwana wamng'ono akafuna kapu yake, mai ankamasula mtolo umene anaumanga dzulo. Anansi ankabwera kudzatsazika, ndipo aliyense ankacoka ndi kanthu: uyu khasu lakutha, uyu nkhali, uyu mbeu ya maungu. Angongole, oiwalika ndi osaiwalika, ankatulukira onse. Azimai aakulu ankatengera mkazi pambali kukamulangiza za moyo wa m'tauni, kumene mnansi si m'bale ndipo mcere supemphedwa tsiku ndi tsiku. Ambiri ankatenganso kamtsikana ka pacibale kokalera mwana, ndi lonjezo lakuti kakaphunzira sukulu. Malonjezo ena anasungidwa, ena ai. Usiku wotsiriza nkhuku inkaphedwa, ina yodyera pamodzi, ina yoocha ya kamba wa panjira.

Ulendo weniweniwo unali wautali: makilomita pafupifupi 570 kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka, pa basi ya UBZ, kutsika mapiri kufika pa mlatho watsopano wa Luangwa wa mu 1968, kukweranso ku Manenekela mitima ili m'mwamba. Ku Lusaka ambiri ankagona pa siteshoni atatsamira katundu wao, m'mawa n'kupeza motoka ya ku Kafue, kudutsa Chilanga ndi Shimabala. Ndalama imene inali m'thumba nayonso inali yatsopano: kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu Januwale 1968.

Kumanganso katundu, ulendo wobwerera

Amene anabwera mu 1970 ankaganiza kuti adzagwira nchito mpaka penshoni. Koma mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndipo cuma ca dziko cinayamba kutsika. Mtengo wa unga unautsa zipolowe ku migodi mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990. Boma la MMD litalowa mu 1991, lamulo logulitsa makampani a boma linakhazikitsidwa mu 1992, malire anatseguka ku katundu wakunja, ndipo nsalu ya Kafue inakumana ndi salaula. Anchito anayamba kucotsedwa m'magulumagulu. UBZ yomwe, imene inawabweretsa, inatsekedwa mu 1995. Fakitale ya nsalu inalimbikira kwa zaka zina koma inadzaima m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo ya feteleza inatsala ikugwira nchito pang'ono cabe.

Lamulo la nchito linkati wolemba nchito abweze wanchito ndi banja lake kumene anamutenga. Conco mabokosi a citsulo aja anatulukanso kunsi kwa bedi. Koma kukonzekera kwa ulendo uno kunali kowawa kuposa koyamba. Ndalama zopumira zinkacedwa, ndipo mabanja ena anakhala miyezi, ena zaka, katundu ali womanga theka, osatha kupita cifukwa dzina lingaitanidwe iwo kulibe, osathanso kukhazikika. Firiji ndi sitovu zinagulitsidwa, mbaula ndi malasha n'kulowa m'malo mwake. Azimai amene anabwera ngati akazi a anchito ndiwo anadyetsa nyumba, ndi nsomba za ku mtsinje, vitumbuwa ndi tomato wa pa mseu.

Mafunso a atsibweni aja anabweranso, koma tsopano ofunsa anali ana. Anabadwira ku Kafue, sanagwirepo khasu, ndipo Cinyanja cao ca m'tauni cinkaseketsa a kumudzi. Mai wina anali Mtonga kapena Mbemba, wokwatiwa kuno. Kumudzi kwa mwamuna akakhala ngati ndani, makamaka mwamunayo akadzamwalira? Munda uja unali m'manja mwa mwana wa m'bale amene anaubwereka, ndipo iye ankaudziwa ngati wa atate ake. Wofufuza wina wa ku America, James Ferguson, anaceza ndi anchito a m'migodi ku Kitwe amene anali kukonzekera kubwerera ku midzi, ndipo m'buku lake la mu 1999 anaonetsa kuti cobvuta cacikulu cinali ubale: amene sanali kutumiza kanthu kwao, osapita ku maliro, osalandira bwino alendo a kumudzi, anapeza kuti kumudzi kulibe wowayembekeza. Za ku Kafue sizinasiyane kwenikweni.

Komabe ambiri anapita. Kalembera amaonetsa kuti mu 1980 anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse a m'Zambia anali m'matauni, koma mu 2000 anatsika kufika pafupifupi 35. Ndi maiko ocepa amene anaona anthu akucoka m'tauni kubwerera ku midzi motere. Ena anatsala cifukwa ca cigamulo ca mu 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo, ndipo kenako za boma ndi za makampani ake, kwa anthu okhalamo. Tsopano wanchito anali ndi nyumba ya m'tauni imene siitha nchito ikatha. Ena anaika alendi m'nyumbazo n'kufuna malo olima kunja kwa tauni, m'madera onga kuno kwathu. Umu ndi mmene anthu obwera kudzapanga nsalu ndi feteleza anasandukira alimi a dimba ndi oswa miyala, ndipo manda ao ali kuno, osati ku Katete.

Adzukulu nawo akumanga

Lero mseu umene unabweretsa ambuya athu uli ndi geti yolipiritsa mamotoka pa Shimabala, imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo malole a katundu wa m'nyumba amadutsapo kulowera mbali zonse ziwiri. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo 11,276, ndipo ambiri anatumizidwa ku maboma akutali. Adzukulu a anthu amene anacoka ku Lundazi kubwera ku Kafue akucoka ku Kafue kupita ku Chama, ku Kaputa ndi ku Shang'ombo. Dzina limatuluka pa foni m'malo mwa envulopu, ndipo nthawi zambiri wolembedwa nchito ndi mkazi, mwamuna ndiye wofunsidwa ngati atsatira kapena atsala.

Milungu ya pakati ija sinasinthe kwambiri. Pali lendi yofuna kutsiriza, cilimba cimene sicinazungulire, khadi la kukiliniki la mwana, kalata ya kusukulu, kantemba kofuna wokagulitsamo, ndi puloti imene ili ndi maziko cabe. Pali ambuya amene akuti mdzukulu atsale mpaka mukaone ngati kumeneko kuli madzi. Pali mkangano wa firiji, imene kumalo kopanda magetsi idzakhala kabati.

Mbiri ya mibadwo iwiri yapitayi ili ndi malangizo ocepa koma olimba kwa banja lotere. Amene anabwerera bwino ndi aja amene anatsazika bwino, amene anachula pamaso pa mboni kuti munda wabwerekedwa, amene sanaleke kuoneka pa maliro a kwao. Lero mboni ya pakamwa siikwanira: puloti kapena munda umene mukusiya, lembani pangano ndi wousunga, amfumu kapena a komiti ya dera asainepo, ndipo dzina la mkazi lionekepo pamodzi ndi la mwamuna. Nchito imene ikuoneka yamuyaya lero ndi mmene inkaonekeranso ya ku fakitale ya nsalu mu 1972.

Ngati kwanu kukali bokosi la citsulo lolembedwa dzina ndi penti, kapena mtondo wong'ambika umene ambuya amakana kuti utayidwe, khalani nao pansi muwafunse: ndani anakana kuti mupite, munasiya ciani, ndipo munda munausiyira ndani? Lembani zimene adzakuuzani, kapena zijambuleni pa foni. Mafakitale ali ndi zaka zao m'mabuku, koma za milungu yomanga katundu zili m'mitu mwa anthu amene tsopano apitirira zaka 70.